Mpando Woyang'ana Kukhoma

Makalata onse a nkhani iyi ndili nawo. Ali mu fayilo yobiriwira imene pachikuto pake ndinangolemba kuti "Chipatala 2", chifukwa fayilo yoyamba ndi ya shuga ndi maso. Ndinagwira ntchito yosunga mafayilo m'boma kwa zaka zambiri, ku Zomba kenako ku Lilongwe, ndipo ndinaphunzira kuti munthu wopanda pepala amatsutsidwa ndi aliyense, ngakhale mesenjala. Choncho zimene ndikulemba pano sindikuzitola m'mutu mokha ayi.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Smethwick, ku Mangalande, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa mashopu a ku Cape Hill. Ine ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ngakhale kuti ena mwa okalambawo tinali a msinkhu umodzi. Akazi anga ankakolopa m'maofesi m'mamawa. Iwo sukulu analekezera Sitandade 4. Chingerezi cha pabasi ndi cha pamsika ankachitha, koma cha kuchipatala ndi cha kukhonsolo ndinkawamasulira ndine, monga ndakhala ndikuchitira chikwatirane.

Matenda a shuga anandipeza ndili kale ku Mangalande. Patapita zaka ziwiri mphamvu za m'nyumba zinayamba kuchepa, kenako zinatheratu. Kwathu amati munthu wagwa mu mpapaya, ndipo amanena akuseka. Ine sindinaonepo choseketsa. Dokotala wa m'dera lathu anandipatsa mapilitsi, koma anangondipweteketsa mutu. Anandipatsa jakisoni wodzibaya ndekha pamalo pomwepo. Ndinayesa kanayi n'kuleka. Pomaliza anandiuza kuti chatsala ndi opaleshoni yoika chipangizo m'kati mwa chiwalo cha abambo, ndipo anandifunsa chipatala chimene ndingakonde.

Ndinapempha masiku awiri oti ndiganize. Mu mpingo wathu wa Amalawi, momwe ndinali mkulu wa mpingo, munali manesi khumi ndi mmodzi. Ndinakhala pansi ndi pepala n'kulemba nesi aliyense ndi chipatala chimene amagwirako, kuphatikizapo amene amakagwira mashifiti owonjezera kwina. Kenako ndinasankha chipatala cha m'tauni ina yakutali, ulendo wa ola lathunthu pa sitima, kumene kunalibe ndi mmodzi yemwe wa pa mndandanda wanga. Ndinadikira miyezi khumi ndi umodzi kuti andiitane.

Kalata yoyamba inati ndibwere ndi akazi anga. Dokotala wa opaleshoniyo anali bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anafotokoza nthawi yaitali, ine ndikumasulira. Apa ndiyenera kuvomera zimene ndinachita. Dokotala anati opaleshoniyi ilibe pobwerera: akaika chipangizocho, mnofu wa m'kati umawonongeka, ndipo mapilitsi kapena jakisoni sizingadzagwirenso ntchito mpaka kalekale. Anati kwa munthu wa shuga bala likhoza kulowa tizilombo, ndipo zikatero amachotsa chipangizo chonse, munthu n'kutsala moipa kuposa poyamba. Anatinso chipangizocho chikhoza kudzawonongeka patapita zaka, n'kufunika mpeni wina. Ine ndinatembenukira kwa akazi anga n'kunena kuti, "Akuti ndi opaleshoni yaing'ono, ndikagona masiku awiri basi."

Ndinali ndi chifukwa. Mlongo wawo wa akazi anga analowa mu thiyeta kwathu ndi vuto la m'mimba, ndipo sanatulukemo wamoyo. Kuyambira pamenepo iwo akamva za mpeni wa dokotala amangokhala ngati awathira madzi ozizira. Ndinkadziwa kuti akamva zonse akana, ndipo ine ndinali nditatopa kugona ngati mlendo pabedi langa lomwe.

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kufunsa ngati ndamasulira zonse. Ndinamuuza kuti chilankhulo chathu n'chachidule. Analemba kanthu pa pepala lake, n'kunena kuti tibwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi, tsiku lodzasaina fomu yovomereza.

Kalata yachiwiri ndaiwerenga kosawerengeka. Ili ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya chipinda. M'munsi mwake muli chenjezo lakuti amene walephera kubwera amubwezera kwa dokotala wa m'dera lake kuti akayambirenso. Palibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti aitana womasulira. Mpaka lero ndimati kumeneko kunali kulakwa. Ndinawalembera a chipatalawo kalata yodandaula ya masamba atatu, ndipo yankho lawo la mizere isanu ndi umodzi, lopepesa popanda kuvomera kanthu, ndinalisunga.

Linali Lachinayi, mu Novembala, kukugwa kamvula kowaza kosatha kaja. Tinafika mofulumira ndi theka la ola n'kukhala pa mipando ya pulasitiki, pansi pa chikwangwani chonena poyera matenda amene amaona m'chigawo chimenecho. Amuna onse amene anali pamenepo ankayang'ana nsapato zawo. Ndipo chitseko chinatseguka, n'kulowa mkazi wa mphwanga, akukutumula ambulera, chiphaso cha ntchito chikulendewera m'khosi.

Mphwangayo ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinamulera ndine, ndipo panthawiyo ankagwira ntchito yowerengera ndalama ku Coventry. Mkazi wake anali atamaliza maphunziro a ku yunivesite, ndipo podikira ntchito yeniyeni ankamasulira Chichewa m'zipatala ndi m'makhoti kudzera ku ejensi ina yotumiza omasulira. Nkhoswe ya ukwati wawo ndinali ine. Mtsikana woleredwa bwino: popereka moni ankagwada ngakhale pa kapeti ya ku Mangalande, ndipo sanayambe wakhalapo mpando umodzi ndi ine.

Sanatione. Anapita ku risepushoni n'kuwerenga dzina pa pepala lake. Ndinalimva bwinobwino. Mayi wa pa risepushoni analoza kwa ine ndi cholembera.

Mtsikanayo anatembenuka. Ndinaona nkhope yake ikusintha kawiri: koyamba kukondwa poona abale, kachiwiri kuzindikira. Miyendo yake inachita zimene inazolowera, anagwada pa simenti ya chipatala azungu onse akuona.

"Amalume. Amayi. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka, apongozi," ndinayankha. "Mwabwera kudzaona wodwala?"

Ndinkadziwa yankho, koma ndinafuna kumupatsa mpata wonama. Sanautenge.

"Ndabwera ku ntchito, amalume. Andipatsa dzina la bambo ena ake." Anayang'ananso pepala lija.

"Dzina limenelo ndi langa."

Sikunali kulakwa kwake. Kwathu mwana satchula dzina la munthu wamkulu. Iye ankandidziwa ngati amalume, ndipo kumpingo onse ankanditchula ndi mfunda. Komanso dzina la pa pasipoti yanga si la kubanja kwathu. Ndinalitenga ndili mnyamata pobwereza Sitandade 8, monga ankachitira ambiri ofuna kusankhidwa kupita ku sekondale, ndipo linandikakamira pa mapepala onse a boma. Mtsikanayo anali asanalimvepo.

"Mulungu ndi mboni, sindinadziwe," anatero motsitsa mawu, akadali chogwada. "Ndiimbire foni ku ejensi, abukitse wina."

"Winayo ndani?"

"Tilipo atatu. Bambo a ku Zambia aja anapita kumudzi, abwera chaka chamawa. Ndiye atsala amayi a kwaya aja."

Amayi a kwayawo ndinkawadziwa. Pakamwa pawo nkhani sinkagona. Akanamva Lachinayi, Lamulungu mpingo wonse ukanandipatsa moni wachisoni.

"Dzukani, apongozi, anthu akutiyang'ana," ndinatero.

Nesi anaitana dzina langa, ndipo tinalowa tonse atatu chifukwa panalibe amene anadziwa chochita china. Ndisanakhale n'komwe ndinayamba kulankhula. Ndinamuuza dokotala kuti ndalemba makalata a boma m'Chingerezi iye asanamalize sukulu, kuti palibe anandifunsa ngati ndikufuna womasulira, ndiponso kuti kalata yawo, imene ndinaitulutsa n'kuiyala patebulo, sinatchule zimenezi.

Dokotala anandisiya mpaka ndinamaliza. "Chingerezi chanu sindikuchikayikira," anatero. "Womasulirayu ndinaitanira akazi anu. Ulendo watha ndinalankhula mphindi khumi, inu munamasulira ndi mpweya umodzi."

Mpongozi wanga, maso ali pansi, anauza dokotala m'Chingerezi kuti iye ndi wachibale, ndipo malamulo a ntchito yake amafuna kuti anene zimenezo. Dokotala anapumira m'mwamba. Anati njira zilipo ziwiri. Tikhoza kuimitsa zonse mpaka atapezeka womasulira wina, ndipo sangalonjeze kuti ndi liti. Kapena, ngati tonse atatu tivomera, tipitirize lero lomwe. Koma kundisainitsa akazi anga asanamve zonse, iye sachita.

"Akuti chiyani?" anafunsa akazi anga.

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu funso limenelo linkabwera kwa ine ndekha. Tsiku limenelo m'chipindamo munali anthu awiri otha kuliyankha. Ndinawauza njira ziwiri zija, mosachotsera.

Akazi anga anayang'ana mtsikanayo, kenako ine. "Mwanayu wawerenga kale chikwangwani chili panjapo. Ngakhale timuthamangitse, maso ake sabweza zimene aona. Akhale. Inenso ndikufuna ndimve."

Mpongozi wanga anapempha chinthu chimodzi. Ananyamula mpando wake n'kuutembenuza kuti uyang'ane kukhoma, kumene kunali sinki ndi bokosi la magolovesi, n'kukhala atatifulatira. Dokotala anafunsa ngati pali vuto. Iye anayankha kuti ndi ulemu wa kwathu, ndipo amva bwinobwino ali choncho. Dokotala sanafunsenso.

Anatsegula kabati n'kutulutsa chipangizo chachitsanzo. Chinali timachubu tiwiri tofewa, kathumba ka madzi, ndi kapampu kakang'ono ngati nthudza, zonse zolumikizana ndi timapaipi. Anafotokoza kuti timachubuto timalowa m'chiwalo, kathumba kamakhala m'munsi mwa mimba, kapampu kamabisika m'thumba la pansi. Munthu akafinya kapampu, madzi amalowa m'timachubu n'kulimba, akamaliza amawabweza. Analipo mtundu wina wosavuta, wa timitengo topindika, koma iye ankaona kuti wa pampuwu ndi umene ungandiyenere. Anapereka chipangizocho kwa akazi anga, iwo n'kuchilandira ndi manja awiri ngati mphatso.

Mawu ankachokera kukhoma, osakwera, osatsika. Ndiyenera kunena kuti mtsikanayo ankaidziwa ntchito yake. Sanatchule mawu otukwana ndi amodzi omwe, koma sanasiyenso kanthu. Ankati "thupi la abambo", "malo obisika", "nthawi ya m'nyumba". Sanati "amalume" ngakhale kamodzi; ankati "wodwala". Ndinaona khosi lake kumbuyo likutuluka thukuta ngakhale kunali kozizira. Ine ndinkayang'ana kalata yanga patebulo, n'kumawerenga nambala ya chipinda mobwerezabwereza.

Kenako dokotala anafika pamene ndinkaopa. Mawu a kukhoma anati, "Akaika chipangizochi, thupi silingabwererenso mmene linalili. Kwa munthu wa shuga, bala likhoza kulowa tizilombo. Zikatero amachotsa zonse, ndipo wodwala amatsala movutika kuposa lero."

Akazi anga anaika chipangizo chija patebulo pang'onopang'ono.

"Tawafunsa, mwana wanga. Zimenezi ndi zatsopano, kapena ananenanso ulendo watha?"

Ndinamva wina akukankha kangolo m'khonde, gudumu limodzi likulira. Mtsikanayo akanatha kulifewetsa funsolo, ndipo mumtima ndinamupempha kuti atero. Analimasulira monga linalili. Dokotala anayankha kuti ananena zonsezi ulendo watha, ndipo yankholo linabweranso m'Chichewa monga linalili.

Akazi anga anatembenukira kwa ine. "Izi usamasulire," anauza mtsikanayo.

"Pepani amayi, lamulo la ntchito limati ndimasulire chilichonse cholankhulidwa m'chipinda."

"Lamulo la kwa amako limati chiyani? Tseka makutu."

Mtsikanayo anauza dokotala kuti mayiwa akufuna kulankhula ndi amuna awo paokha. Dokotala anaimirira, n'kuika patebulo makope awiri a fomu yovomereza. Anati ali ndi wodwala wina woti amuone, abweranso pakatha mphindi khumi ndi zisanu, ndipo tikadzakhala tisanagwirizane tidzayenera kupangana tsiku lina. Mpongozi wanga anadzuka kuti atuluke naye.

"Iwe khala," anatero akazi anga. Anakhala.

Chitseko chitatsekeka, akazi anga sanakweze mawu. Akanakweza bwenzi zili bwino.

"Opaleshoni yaing'ono. Masiku awiri basi. Si mmene munanenera, abambo?"

"Ndimaopa kuti mukana."

"Ndiye munaona kuti bola mundibere chivomerezo? Mukanabwerako ndi bala lowola, wotsuka akanakhala ndani? Dokotalayu? Mukanapanda kubwerako, ine ndikanakawauza chiyani ana? Kuti bambo anu anafa ndi opaleshoni yaing'ono imene ine ndinagwedezera mutu osaidziwa?"

"Nkhani zimenezi si zokamba pamaso pa mwana."

"Mwanayu ndi amene wandiuza zoona lero. Zaka zisanu mwakhala mukundifulatira pabedi, osanena kanthu. Chaka choyamba ndinkayesa mwapeza wina kuntchito kwanuko. Chachiwiri ndinkayesa ndakalamba, ndakunyansani. Munandifunsapo kuti ine ndikuganiza chiyani? Mumangobwera ndi mapepala."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma; mphindi zinayi zinali zitapita. Ndinaganiza za miyezi khumi ndi umodzi ija, ndi za kukakhalanso pamaso pa dokotala wa m'dera lathu kuyambiranso kufotokoza.

Akazi anga anatenga kope imodzi ya fomu n'kundipatsa. Inayo anaipereka kwa mtsikanayo pamwamba pa phewa lake.

"Mundiwerengere nokha. Mzere uliwonse, m'Chichewa, ndi pakamwa panu. Iwe uzitsatira pa pepala lakolo."

"Mayi, zoona mukufuna ndinene zimenezi apongozi akumva?"

"Nthawi ikutha, abambo."

Ndinavala magalasi. Ndawerengapo makalata ochotsa anthu ntchito, ndawerengapo uthenga wa maliro pamaso pa mpingo, koma sindinawerengepo pepala lolemera ngati limenelo. Ndinamasulira za mankhwala ogonetsa. Ndinamasulira za kutaya magazi, za kutupa, za ululu wa masabata angapo. Ndinamasulira za tizilombo, ndipo apa akazi anga anandiimitsa n'kufunsa ngati munthu amafa nazo. Ndinawauza zimene fomuyo inanena, kuti choopsa chachikulu ndi kuchotsa chipangizo, koma opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi yake. Anagwedeza mutu kuti ndipitirize. Mawu amene ndinali ndisanawatchulepo pamaso pa akazi anga masana ndinawatchula pamaso pa mkazi wa mphwanga.

Pafupi ndi kumapeto panali mzere umene ndinauona ukubwera. Ndinaudumpha n'kupita pa wotsatira.

Kukhoma kunamveka kutsokomola kwakung'ono. Ndinapitiriza. Kunamvekanso.

"Pepani, amalume," anatero mawu aja, ndipo aka kanali koyamba kunditchula choncho chilowere m'chipindamo. "Mwasiya mzere wachitatu kuchokera pansi."

Ndinafuna kumukumbutsa kuti ndine ndani kwa iye, kuti ndine amene ndinakhala pakati pa iye ndi mwamuna wake pamene ankafuna kupatukana. Koma mzerewo unalipodi, wachitatu kuchokera pansi, ndipo ine ndi munthu amene moyo wanga wonse ndakhala ndikudzudzula anthu odumpha mizere. Ndinabwerera. Ndinawauza akazi anga kuti pambuyo pa opaleshoni chiwalo chikhoza kuoneka chachifupi kuposa kale, ndipo sichidzakhala chimodzimodzi ndi cha unyamata.

"Basi?" anatero akazi anga. "Pa zonse zili pamenepo, chimene munachita nacho manyazi ndi chimenecho?"

Ndinamaliza mizere iwiri yotsalayo n'kuika pepala pansi. Wotchi inkati kwatsala mphindi ziwiri. M'khonde ndinamva mawu a dokotala akutsanzikana ndi munthu.

Akazi anga anaika manja pa chikwama chawo. Sindinathe kuwerenga nkhope yawo.

"Inuyo mukuifuna opaleshoniyi? Mwamva zonse, mwanena nokha."

"Ndikuifuna."

"Chifukwa cha ine, kapena chifukwa cha inu?"

Yankho losavuta linali lakuti chifukwa cha iwo. Ndinali nditalikonza kalekale. Koma ndinali nditangomaliza kuwerenga pepala lonse mosanama, ndipo pakamwa panakana kubwerera.

"Chifukwa cha tonse. Koma kwambiri chifukwa cha ine. Ndatopa kudziona ngati munthu wotha."

Chitseko chinagogodedwa, dokotala n'kulowa. Anatiyang'ana tonse, ngakhale msana wa womasulira, n'kufunsa ngati tagwirizana kapena tipangane tsiku lina. Funsolo linabwera m'Chichewa kuchokera kukhoma. Cholembera chinali m'thumba la jekete langa, koma sindinachikhudze.

Akazi anga anatenganso chipangizo chija, n'kufinya kapampu kawiri, akuona timachubu tikudzaza. Anafunsa kuti bala amalitsuka ndi chiyani, kangati pa tsiku, ndiponso zizindikiro zoti lalowa tizilombo n'zotani. Dokotala anayankha lililonse, ndipo anati shuga wanga akatsika ngoziyo imachepa. Anafunsanso ngati angapeze nesi wamkazi woti adzawaonetse kasamalidwe kake. Dokotala anati zimenezo n'zotheka.

"Uwauze kuti asaina," anatero akazi anga.

Ndinasaina. Siginecha ya tsiku limenelo sifanana ndi ina iliyonse imene ndinalembapo. Dokotala anasaina pansi panga. Panali malo a womasulira, ndipo mpongozi wanga anasainira pa bondo lake, akadayang'anabe kukhoma. Atatero anaimirira, anawerama pang'ono chakumbali osatiyang'ana, n'kunena kuti, "Muyende bwino, amayi. Muyende bwino, amalume." Anatuluka msanga kuti tisakwere sitima imodzi.

Dokotala anati andiika pa mndandanda tsiku lomwelo, ndipo kalata ya tsiku la opaleshoni ibwera pakatha miyezi ingapo, malinga shuga akhale atatsika.

Pa siteshoni tinali ndi mphindi makumi awiri zodikira, ndipo kunkazizira. Ndinagula tiyi makapu awiri. Ndinatenga timapaketi tiwiri ta shuga monga ndinkachitira mobisa ndikakhala paulendo, ndipo ndisanang'ambe, akazi anga anatambasula dzanja n'kutilanda.

"Kuyambira lero mwaleka," anatero, akutiponya m'chikwama chawo. "Ndavomera kutsuka bala. Lowola sindinavomere."